Nsomba Zoduka Mitu za Lastone

Nkhani yoti Cephas akukwera ndeke inamupeza Lastone Nyendwa ali pamakwerero, akujambula mutu wa ng'ombe pakhoma la butchala yatsopano pafupi ndi msika wa Kafue. Amene anabwera nayo ndi mkazi wake Gwendolyn, mlongo wake wa Cephasyo, akupumira m'mwamba chifukwa chothamanga.

"Atate ake Miriam, tsikani mumve! Cephas amuitana ku Jeremani!"

"Akasese misewu?" anafunsa Lastone osacheuka n'komwe.

"Ku chionetsero! Ati anthu aluso a m'maiko osiyanasiyana akasonkhana kumeneko kuonetsa zithunzi za pakompyuta, zija zimayenda munthu ukazikhudza. Ndeke alipira iwo, pogona alipira iwo."

Burashi inaterereka m'dzanja la Lastone, ng'ombe ija n'kukhala ndi diso limodzi lalikulu kuposa linzake. Anatsika pang'onopang'ono, napukuta manja pa ovolosi yake.

"Zabwino zimenezo," anatero. Koma mawuwo anatuluka ngati munthu akulavula njere ya ndimu.

Amuna awiriwa anagwirapo ntchito limodzi pa fakitale ya nsalu, masiku amene sayirini ikalira m'mawa msewu wonse wopita kumafakitale unkadzaza njinga. Lastone anali wojambula maluwa a zitenje. Kumeneko chilichonse chojambulidwa pansalu ankachitcha maluwa, kaya ndi nsomba, kaya ndi ng'oma, kaya ndi nyenyezi. Anali ndi tebulo lakelake pawindo, ndipo akamadutsa m'chipinda chodindira nsalu anyamata ankamupatsa njira. Cephas anali wosakaniza utoto chabe, munthu wa ndowa ndi mthiko, zala zake zobiriwira sabata yathunthu. Amene anamupezera ntchitoyo ndi Lastone yemweyo, chifukwa cha chilamu.

Kenaka boma linayamba kugulitsa makampani, salaula, zovala zakale zochokera kunja, inasefukira m'misika, fakitale n'kutseka zipata. Ndalama zotsanzikira Lastone anagulira minibasi imene inakafera pa Shimabala chaka chisanathe. Cephas anagula kompyuta yakale, anthu namuseka kuti wagula wailesi ya kanema yosaonetsa mpira. Anatsegula kachipinda kolembera anthu makadi a ukwati, ndipo alendo ena aluso atabwera kudzaphunzitsa ku Lusaka, iye ankakwera basi tsiku ndi tsiku kukamvera. Pang'ono ndi pang'ono makadi amene Lastone ankalemba pamanja anasamukira kwa Cephas. Zonsezo Lastone anazimeza. Koma ndeke inamutsamwa.

Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, Cephas anafika kunyumba kwa Lastone atavala jekete yatsopano imene inamukulira m'mapewa.

"Ba mulamu, muli shani?"

"Tili bwino, a ku Jeremani. Ndikuona mwayamba kale kunenepa m'mapewa."

Cephas anaseka, nakhala pampando, n'kuyamba kufotokoza uku manja ali m'mwamba. "Ndikapachika nsalu yoyera, yaitali ngati khoma ili. Pulojekita iziwalitsira pansalupo maluwa a zitenje za pa fakitale yathu. Pamwamba pali kamera yoona dzanja la munthu. Ukayandikiza dzanja, maluwa amayamba kuyenda, makina odinda n'kumalira m'masipika ngati tili pa shifiti. Ndiye pali chinanso chimene chikusangalatseni kwambiri, ba mulamu. Munthu akasunga dzanja..."

"Basi, basi," anamudula Lastone. "Ine za magetsi sindizimva. Ukufuna chiyani kwa ine?"

"Mapepala anu a maluwa. Amayi a kwa malemu Fines andipatsa a amuna awo. Ba Morris, ojambula anzanu aja, andipatsa awo. Koma popanda anu ntchitoyi ndi yoperewera. Nsomba zija, ba mulamu! Ndi mzimayi uti mu Kafue muno amene sanavaleko nsomba zanu?"

Zinali zoona. Chitenje cha nsomba chinavalidwa paukwati, pamaliro, chinaberekera ana kuyambira ku Chanyanya mpaka kumigodi. Koma m'mphepete mwake munkadindidwa dzina la kampani lokha, ndipo kunja kwa zipata za fakitale palibe ankadziwa dzanja limene linachijambula. Tsopano nsomba zomwezo zinyamule wosakaniza utoto, zikamutule ku Jeremani, akaime mu jekete yomukulirayo azungu akumuwombera m'manja? Lastone anafuna kukana, koma Gwendolyn anali ataima pakhomo la khitchini, maso ali pa iye.

"Dikira," anatero, nalowa kuchipinda.

Pamwamba pa wadiropu panali mipukutu iwiri ya mapepala. Wina unali womanga ndi chingwe chofiira, ndiwo wa maluwa amene anadindidwa. Winawo unali womanga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndiwo wa mapepala amene anakanidwa, amene Lastone ankangowasunga chifukwa chosafuna kutaya thukuta lake.

Ntchito yojambula maluwa ili ndi lamulo limodzi louma. Pepala ndi laling'ono, koma makina amalidinda mobwerezabwereza mpaka nsalu ithe. Choncho chimene chadukira m'mphepete mwa kumanja chiyenera kupitirira ndendende m'mphepete mwa kumanzere. Wojambula akamaliza ankalipinda pepalalo ngati chitoliro kuti m'mphepete mukumane. Mutu wa nsomba ukakumana ndi thupi lake, pepala lapita kumakina. Zikasemphana, ngakhale pang'ono ngati kachikhadabo, ankati pepalalo lili ndi msoko, ndipo linkabwerera kwa mwini wake. Pepala la msoko ukaliona palokha ndi lokongola bwinobwino. Chilema chake chimaonekera likabwerezedwa.

Lastone anaima pampando, dzanja lili pa chingwe chofiira. Kenaka analisuntha.

"Wosakaniza utoto angadziwe chiyani za msoko?" anadzilankhulira. "Akachite manyazi pamaso pa azungu akewo."

Cephas analandira mpukutu wa mphira ndi manja awiri, nathokoza mpaka kugwada. Lastone anayang'ana kumbali.

Masabata otsatirawo Kafue inamuwawa Lastone ngati nsapato yothina. Kumsika anthu ankamuimitsa, osati kuti awalembere chikwangwani, koma kuti, "Si inu alamu ake a uja wa ndeke?" Mwini butchala anadandaula za diso la ng'ombe, n'kuwonjezera kuti mwina akanangopita kwa Cephas kuti amutulutsire ng'ombe ya pakompyuta. Kunyumba Gwendolyn ankangosoka mabatani a malaya a mlongo wake, ngati mwamuna wake alibe malaya. Ngakhale Miriam, mwana wawo, anauza anzake kusukulu kuti amalume ake ndi katswiri wa zojambula. Amalume! Nanga bambo ake amene anamuphunzitsa kugwira pensulo?

Cephas anabwera kangapo kudzamufuna, koma Lastone akangomva mawu ake panja ankalowa kuchipinda n'kudzitsekera.

"Ati ali ndi funso pa mapepala aja," anatero Gwendolyn tsiku lina akugogoda pachitseko. "Tulukani, atate ake Miriam, munthu waima padzuwa."

"Muuze akafunse kompyuta yake. Si imadziwa zonse?"

Loweruka lomaliza asananyamuke, Cephas anabwereka holo ya tchalitchi kuti anthu a pa fakitale aone ntchitoyo isanapite kunja. Lastone ananena kuti mutu ukumupweteka, koma pofika masana anali atavala malaya oyera. Mumtima ankafuna kukaona nkhope ya mlamu wake msoko ukaonekera.

Mawindo a holo anali atatsekedwa ndi mabulangete ndi makatoni. M'katimo munali anthu amene Lastone anali asanawaone pamodzi chitsekereni fakitale: oluka, odinda, alonda, amayi opinda nsalu. Ena tsopano ankagulitsa makala, ena ankalima ndiwo zamasamba ku Shimabala, ena ankangokhala. Iye anakaima kumbuyo, pafupi ndi khomo, manja ali m'matumba.

Cephas anadina kompyuta. Nsalu yoyera ija inadzaza ng'oma zofiira ndi zachikasu, maluwa a malemu Fines. Anapempha mkazi wa malemuyo kuti ayandikire. Mayiyo anatambasula dzanja mwamantha, ndipo ng'oma zinayamba kugubuduka kutsata dzanja lake. Nthawi yomweyo m'masipika munamveka kulira kwa makina odinda, kugunda kuja kumene kunkagwedeza simenti pansi pa mapazi. Bambo wina wachikulire anavula chipewa.

"Manje sungani dzanja pamalo amodzi, amayi," anatero Cephas. "Musasunthe."

Ng'oma zinapatukana, ndipo pakati pake panatuluka zilembo zazikulu ngati chitseko: FINES DAKA. Mayi uja anakhala pansi pomwepo, n'kudzifunditsa kumaso ndi chitenje.

Cephas anatembenukira kwa anthu. "Pa fakitale chitenje chinkatuluka ndi dzina la kampani lokha. Pansalu iyi, munthu akaima n'kudikira, pamatuluka dzina la mwini maluwa. Ku Jeremani akawerenga maina amenewa."

Lastone anakumbukira. Chinthu chija chimene mlamu wake anayamba kumuuza tsiku lija iye n'kumudula pakamwa, chinali chimenechi.

Panabwera mbalame za Morris, zobiriwira, zouluka mondondozana kuchokera kukhoma lina mpaka linzake popanda pophonya. Morris, amene Lastone ankamunena kuti sangajambule ngakhale phazi la nkhuku! Munthuyo sanadikire kuitanidwa. Anathamangira kutsogolo ndi mimba yake, n'kusanjika dzanja. MORRIS CHULU. Anachotsa, nasanjikanso. MORRIS CHULU. Anthu anawomba m'manja, wina n'kukuwa kuti, "Siyirani ena, ba Morris, mutha magetsi!"

Lastone anayang'ana khomo. Linali pafupi, koma Gwendolyn anali atamugwira kale dzanja, akumwetulira. "Zanu zikubwera," ananong'oneza.

Ndipo zinabweradi. Nsomba zabuluu ndi zasiliva zinadzaza nsalu yonse, mazana ndi mazana. Koma nsomba iliyonse mutu wake unali pamwamba pang'ono, thupi lili pansi, ndipo mzere woonekeratu unkatsika pansalu kuchokera kudenga mpaka pansi, wina apa, wina apo, ngati mipanda. Ana amene anali kutsogolo anakuwa mokondwa n'kuyamba kuzithamangitsa ndi manja. Nsombazo zinasambira, mitu payokha, matupi akutsatira pambuyo. Akuluakulu sanawombe m'manja. M'holo imeneyo munalibe munthu wa pa fakitale wosadziwa chimene ankachiona.

Amene anayamba kulankhula anali Olipa, mayi amene kale ankayendera nsalu zikamatuluka m'makina, tsopano wogulitsa nsomba za ku Chanyanya.

"Iyayi, msoko!" anakuwa. "Msoko wa mtundu wanji uwu? Nsombazi azidula kale mitu, kwangotsala mafuta ndi tomato! Ndani wajambula zimenezi?"

Anakankha ana, nasanjika dzanja lake lonenepa pansalu, n'kudikira. Nsomba zinapatukana.

LASTONE NYENDWA.

Kwa zaka zonse zimene anagwira ntchito, Lastone ankalota dzina lake pansalu. Analiona tsopano, lalikulu kuposa mmene analotera, litazunguliridwa ndi nsomba zoduka mitu.

Mitu ya anthu inatembenukira kumbuyo. Wina anayamba kuseka motsitsa, wina n'kulandira, mpaka holo yonse inagwedezeka.

"Ba Nyendwa!" anatero Olipa atagwira m'chiuno. "Inu amene munkatiuza kuti dzanja lanu siliphonya? Izi ndi zimene mukutumiza kwa azungu kuti atidziwire anthu a ku Kafue?"

"Musawaseke akuluwa," anatero Morris ndi mawu achifundo amene anapweteka kuposa kuseka. "Mwina maso anali atayamba kale nthawi imeneyo."

Gwendolyn anamusiya dzanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Iye ndi amene ankapukuta fumbi pamwamba pa wadiropu, ndipo mipukutu yonse iwiri ankaidziwa.

Anthu atabalalika, Lastone anamupeza Cephas akukulunga mawaya.

"Wandichititsa manyazi dala, iwe."

Cephas sanasiye kukulunga. "Ine? Ndinaona tsiku lomwe ndinawalowetsa mu kompyuta, ba mulamu. Ndine wosakaniza utoto, inde, koma msoko ndimaudziwa. Utoto wanga wambiri unatayika chifukwa cha misoko. Ndinabwera kwanu kudzafunsa ngati mwasokoneza mipukutu. Munati ndikafunse kompyuta."

"Ndiye bwanji sunakonze ndi kompyuta yakoyo? Si ungathe kukweza mutu wa nsomba?"

"Ndingathe. Koma ndigwire maluwa a Lastone Nyendwa? Mwaiwala tsiku limene ndinakhudza pepala lanu ndi chala chobiriwira? Munanditukwana mpaka kugeti. Munati pepala la wojambula amalikonza ndi mwini wake yekha." Anaika waya m'bokosi. "Ndinati mwina ndi mmene mwafunira kuti anthu akudziwireni."

Lastone anatembenukira kukhomo. Anatuluka, nakwera njinga yake, n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi agalu. Dzuwa lisanalowe anabwereranso ali thukuta lokhalokha, mpukutu wa chingwe chofiira uli m'khwapa. Anautambasula patebulo la holo, natenga pepala la nsomba, n'kulipinda ngati chitoliro. Mutu unakumana ndi thupi, mamba ndi mamba, osaoneka pamene zalumikizana.

Cephas anawerama, naliyang'ana manja ali kumbuyo kuopa kulikhudza. "Izi ndiye nsomba zimene ndinkanena," anatero motsitsa.

"Zilowetse. Uchotse zinyalala zija."

"Ndilowetsa ndi chiyani? Makina olowetsera mapepala mu kompyuta ali ku Lusaka, ndipo sitoloyo yatseka kale mpaka Lolemba. Ndeke ndi ya mawa." Cephas anadzikanda m'mutu. "Pali njira ziwiri, ba mulamu. Dzina lanu ndingathe kulichotsa pompano, si ntchito. Nsomba za msoko zipite zopanda mwini, manyazi akhale anga."

Lastone anaganiza. Manyazi a Cephas si ndiwo ankawafuna kuyambira pachiyambi? Anali pomwepo, akumupatsa m'manja. Koma m'maso mwake munabwera chithunzi china: mzungu atasanjika dzanja pa mbalame, zilembo n'kutuluka, MORRIS CHULU. Mzungu yemweyo n'kusanjika dzanja pa nsomba, osatuluka kanthu. Morris ku Jeremani, Fines ku Jeremani, Cephas ku Jeremani ndi thupi lomwe, iye yekha atatsala pamakwerero a butchala.

"Njira inayo?"

"Mundipatse mpukutuwu ndipite nawo. Ndikafika masiku angapo chionetsero chisanatsegulidwe. Ndikapempha makina kumeneko. Sindikulonjeza, koma ndikayesa."

"Upite ndi mapepala angawa? Ndilibe ena!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye zikakongola, akakuwombera m'manja iwe."

"Akandiwombera ine, inde," anatero Cephas osazemba. "Koma akawerenga inu."

Lastone anakulunga mapepala aja mosamala, namanga chingwe chofiira mfundo ziwiri. Anautambasulira mpukutuwo kwa mlamu wake. Cephas anagwira mbali ina, koma Lastone mbali yake sanaisiye.

"Usauike m'bokosi la mawaya. Uzikhala nawo pamiyendo."

"Chabwino."

"Usambe m'manja usanaukhudze. Zala zakozo sindizikhulupirira mpaka lero."

"Utoto unatha kalekale, ba mulamu."

"Ndipo dzina langa lizituluka msanga. La Morris lizichedwako, munthu azitopa dzanja."

Cephas anaseka mpaka jekete inagwa paphewa limodzi. "Zonse zimatuluka mofanana. Siyani mpukutu, mung'amba."

Lastone anausiya, koma anayenda pambuyo pake mpaka pamsewu, maso ali pa chingwe chofiira.

Sabata yotsatira Lastone anabwerera ku butchala kukakonza diso la ng'ombe. Gwendolyn anali asanayambe kumulankhula bwinobwino chichokereni ku holo. Chakudya ankangomuikira patebulo n'kutuluka. Choncho atamuona akubwera kuchokera kumsika, osathamanga ulendo uno, anadziwa kuti pali nkhani.

"Cephas waimba foni kusitolo ya mankhwala," anatero mkaziyo ataima patsinde pa makwerero. "Ati ndikuuzeni kuti makina anamubwereka. Mitu yakumana."

Lastone anapumira pansi. Anaviika burashi mu utoto wakuda, nazunguliza diso la ng'ombe mosamala mpaka linafanana ndi linzake.

"Simufunsa n'komwe ngati mlamu wanu anafika bwino? Ngati akudya? Ati kukuzizira koopsa."

"Ali ndi jekete," anatero Lastone. Anapukuta burashi, kenaka anasuzumira pansi. "Amake Miriam, sananene kuti anthu akuima kwambiri pati? Pa nsomba, kapena pa mbalame za Morris?"